Mbale Yakale Imene Ndinaiviika M'madzi Otentha

Kwa abale ndi alongo onse a m'gulu lathu la mapemphero kuno ku Doha, pamodzi ndi a kumudzi amene uthengawu udzawapeze,

Landirani moni wanga m'dzina la Ambuye. Ine ndine Lufeyo, dalaivala wa pa nyumba ina ku Al Duhail, amenenso mumandidziwa monga mlembi wa gulu lathu. Cholinga cha kalatayi ndicho kupereka umboni wa momwe Mulungu anapulumutsira ntchito ya mlongo wathu, Mayi Esnati, pamodzi ndi yanga, m'vuto limene ndinaliyambitsa ndi manja anga. Ndikupempha kuti muwerenge mpaka kumapeto musanandiyamikire, pakuti m'nkhaniyi ine sindine munthu wabwino.

Poyamba ndifotokoze za malo a ntchito. Ine ndi Mayi Esnati timagwira ntchito pa nyumba imodzi, ine ku galimoto, iwo m'nyumba. Kwawo ndi ku Ntcheu, ndipo ali ndi ana aakazi awiri ku sekondale amene amadalira ntchito imeneyi. Bwana wathu ndi munthu wachikulire wa dziko lino. M'chipinda chawo cholandiriramo alendo munali kabati yagalasi yokhala ndi ziwiya zadothi zisanu ndi ziwiri za ku China, zimene malemu bambo awo anagula kunja kalekale. Ankanena kuti zinaumbidwa zaka mazana angapo zapitazo, m'nthawi ya mafumu a dziko limenelo. Munthu yekhayo wololedwa kuzigwira anali Mayi Esnati, ndipo ankangozipukuta ndi kaburashi kofewa, osagwiritsa madzi.

M'nyengo yotentha yapitayi, bwana anaganiza zogulitsa ziwiyazo pa okushoni imene kampani ina yakunja inakonza pa hotela ina m'tauni. Ndiyenera kunena pano kuti mawu akuti okushoni sanali achilendo kwa ine. Bambo anga anali mlimi wa fodya ku Dowa, ndipo ndinakula ndikudziwa lamulo limodzi la malo amenewo, lakuti katundu wakuda amabwerera. Belo likapezeka ndi kachingwe, nthenga ya nkhuku kapena nkhungu, ogula amangolidutsa, mwini wake n'kubwerera nalo mwamanyazi kukalisankhanso. Choncho nditamva za okushoni ya bwana, ndinadziyesa katswiri. Apa ndi pamene kulakwa kwanga kunayambira.

Tsiku lina masana, Mayi Esnati analongedza ziwiyazo m'mabokosi oyala nsalu mkati, ndipo ine ndinalamulidwa kuwanyamula kukawaika m'chipinda cha pafupi ndi galaja. Bokosi limodzi linali losakhoma bwino, ndipo ndinasuzumiramo. Munali mbale yaikulu ngati ya ndiwo za banja, yoyera ngati dzira, yojambulidwa nsomba ziwiri za buluu pakati pa udzu wa m'madzi. Koma cha m'mphepete mwake ndinaona kamzere kachikasu, kofanana ndi banga la tiyi m'kapu yakale. Mumtima mwanga ndinati mlongo wanga waopa kukwecha, ndipo ogula adzati Amalawi sadziwa kutsuka mbale. Ndisaname, munalinso kachilakolako kofuna kuti mbaleyo ikagulidwa bwino ndidzauze bwana kuti ndinaikonza ndine.

Sindinafunse munthu aliyense. Ndinatenga mbaleyo kupita nayo ku khitchini yakunja, kumene kulibe kamera. Monga mudziwa, nthawi imeneyo madzi a pampopi amatuluka otentha kale chifukwa cha thanki ya padenga, koma ine ndinathiramonso ena a m'ketulo, ndi sopo wamadzi wochuluka. Ndinaiviika m'beseni, n'kupita kukapukuta galimoto. Nditabwerako ndinaitulutsa ndi manja awiri mosamala kwambiri. Mbaleyo inatuluka yowala. Koma kachidutswa ka m'mphepete, kakakulu ngati chala chachikulu cha kudzanja, kanatsala pansi pa beseni.

Abale anga, sindinaigwetse ndipo sindinaigunditse paliponse, koma inali yosweka m'manja mwanga. Ndinaima pamenepo thukuta likuyenderera mpaka m'nsapato. Chimene ndinayenera kuchita chinali chodziwika, kupita kwa bwana nthawi yomweyo. M'malo mwake ndinapukuta mbaleyo, ndinaibwezera m'bokosi, ndinaika kachidutswako pamalo pake mwaluso kuti kaoneke ngati kali kolumikizika, ndipo ndinatseka. Kenaka ndinapita kukatenga madamu, akazi a bwana, ku sitolo ngati palibe chachitika.

M'mawa mwake bwana anafuna kuonetsa mng'ono wawo mbaleyo komaliza. Atainyamula, kachidutswa kaja kanagwera pa kapeti. Tinaitanidwa tonse awiri. Bwana anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndinagwetsa bokosi ponyamula, ndipo ine ndinayankha kuti, "Sindinagwetse bokosi lililonse, bwana." Kenaka anatembenukira kwa Mayi Esnati. Iwo analumbira kuti anailongedza ili yamphumphu, koma ndi iwo okha amene ankadziwika kuti amagwira ziwiyazo, ndipo mlandu unawagwera. Bwana sanakuwe. Anangonena kuti, "Khalasi, zatha. Ubwerera kwanu." Ine ndinali chilili pakhomo, manja kumbuyo, ndikuyang'ana pansi.

Ndikufuna kuti mudziwe zimene ndinkadziuza m'masiku otsatirawo, pakuti mwina wina wa inu akudziuza zomwezo pa nkhani yake. Ndinkati bwana mkwiyo ukawathera asintha maganizo. Ndinkati ine ndili ndi mkazi ndi ana anayi pamene iwo ali ndi awiri, choncho kuchotsedwa kwanga kungapweteke anthu ambiri. Ndinkatinso cholinga changa chinali chabwino, ndipo Mulungu amaona mtima. Zifukwa zimenezi ndinazisanja bwinobwino monga ndimasanjira mfundo za msonkhano, ndipo m'mawa uliwonse ndinkazipeza zitagwa.

Chowawitsa n'chakuti ntchito yonse yokonzekera ulendo wawo inadutsa m'manja mwanga. Ndine ndinawatengera ku ofesi ya ejenti kukasaina mapepala. Ndine ndinawatengera ku msika kukagula sutikesi, ndipo ndinawathandiza kunenerera mtengo. Pobwerera, titaima pa maloboti ku Madinat Khalifa, anayankhula ali kumpando wakumbuyo.

"Achimwene, akuti viza aikansela sabata yamawa. Ana sindinawauze. Ndikawauza kuti chiyani, kuti amayi anu achotsedwa chifukwa cha mbale?"

Ndinati, "Limbani mtima, mlongo."

"Mwina ndinaigunditsa osadziwa. Ndakhala ndikuganiza, mwina ndi ine ndithu, ukalamba wayamba."

Mawu amenewa ndi amene anandilasa koposa onse. Kukhala chete kwanga kunafika pochititsa munthu wosalakwa kukayikira manja ake omwe. Komabe maloboti atasintha ndinangoyendetsa galimoto.

Tsopano ndifike pa gawo limene ambiri a inu munalipo. Lachisanu la sabata imeneyo tinasonkhana monga mwa nthawi zonse, ndipo Mayi Esnati anapereka vuto lawo ku gulu. Popeza timagwira ntchito limodzi, munandipempha ine kuti nditsogolere pemphero. Sindinakane. Ndinaimirira, ndinatseka maso, ndipo ndinapempha Mulungu ndi mawu okweza kuti aulule choonadi, achititse manyazi wobisala mumdima, ndi kumasula mwana wake wamkazi. Ena a inu munalira. Atatha mapemphero, mlongo wina anandigwira dzanja n'kunena kuti Mzimu unali pa ine. Ndikukuuzani lero kuti pemphero limenelo linali bodza lalikulu koposa onse amene ndanenapo m'moyo wanga, ndipo ndinalinena pamaso pa Mulungu ndi pamaso panu.

Kuyambira tsiku limenelo chakudya chinakana kutsika. Ndikatsegula Baibulo, zilembo zinkangokhala zilembo. Ndinayesa kupemphera ndekha m'galimoto podikira bwana, koma ndikangoti Atate, pakamwa pankauma. Ndinayamba kulakwitsa ngakhale misewu imene ndayendamo zaka zinayi.

Lamulungu madzulo a Gondwe, mkulu wa gulu lathu amene amagwira ntchito ya ulonda pa hotela ina, anandiimbira foni n'kundiitanira ku kamalo komwera tiyi. Atandiyang'ana kwa kanthawi anati, "A Lufeyo, ine ndine mlonda. Ntchito yanga ndi kuyang'ana anthu potuluka pageti. Munthu amene wanyamula kanthu m'thumba amapereka moni wautali. Pemphero lanu lija linatalika."

Ndinayesa kuseka koma sizinatheke, ndipo ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa kamzere kachikasu mpaka pa sutikesi. Sanandidzudzule ndi mawu ambiri. Anangofunsa tsiku la ndege, ndipo nditawauza kuti ndi Lachinayi, anakankhira kapu yawo pambali.

"Ndiye mukudikira chiyani? Mulungu akudziwa kale, ine mwandiuza. Atsala ndi bwana. Yala, fulumirani, pitani."

Ndinati ndikuopa kuchotsedwa ntchito.

"Mwina akuchotsani ndithu. Sindikunamizani kuti mafi mushkila, kuti palibe vuto. Koma mayi aja akakwera ndege Lachinayi, inu mudzatsala ndi ntchito, nanga tulo mudzakagula ku sitolo iti?"

Tinapemphera pomwepo, mwachidule. Ndinangoti, Ambuye, ndachimwa, ndipatseni pakamwa.

Lolemba m'mawa ndinapempha kuonana ndi bwana, ndipo ndinawauza zonse mwatsatanetsatane. Ndinkayembekezera mkwiyo, ndipo ndinali nditakonzeka kuulandira. Chimene sindinayembekezere n'chakuti sanandikhulupirire. Anapukusa mutu nati, "Ndiwe munthu wabwino, Lufeyo, ukufuna kupulumutsa mlongo wako wa kwanu. Koma nkhani yako ndi yopeka. Ndani wamisala angaviike mbale yotere m'madzi a m'ketulo? Ndipo madzi saswa mbale." Ndinalumbira, ndinapempha kuti ndiwaonetse beseni, koma anakweza dzanja kuti ndisiye. Anati ndikapitiriza, tikwera ndege imodzi.

Ndinatuluka m'chipindamo nditathedwa nzeru kotheratu. Pamene ndikananena zoona n'kumveka, ndinakhala chete. Tsopano ndinali kunena zoona, ndipo zinkamveka ngati ulemu wanga. Bwana anandiyesa wolungama pa tsiku limene ndinavomera kuti ndine wabodza. Ndinapita kwa Mayi Esnati ku khitchini n'kuwauza zomwezo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, anapukuta manja pa epuloni, ndipo anatuluka. Masana amenewo ndinagwada kuseri kwa galaja, pa simenti yotentha, ndipo ndinati, Ambuye, njira zanga zatha. Musandichitire ine, muwachitire mayiwa.

Lachiwiri linali tsiku lopereka ziwiya ku hotela kuti akatswiri a kampani ija aziyese asanazilembe m'buku la malonda. Bwana analamula kuti nditengenso bokosi la mbale yosweka, kuti akafunse ngati ingakonzeke. Ndinanyamula mabokosi onse kukwera nawo ku chipinda china chapamwamba, ndipo ndinaima pafupi ndi chitseko monga dalaivala amachitira. Woyesa ziwiyazo anali mayi wachikulire wa ku China, wamfupi, wa tsitsi laimvi, wovala magalasi a chingwe m'khosi. Sindinamve dzina lake. Chiwiya chilichonse ankachitembenuza, kuwerenga zilembo za pansi pake, ndi kuchigogoda pang'ono ndi chikhadabo akumvetsera kulira kwake.

Atafika pa mbale ija anachita chinthu chimene sanachite ndi zinazo. Anaibweretsa kumphuno n'kuinunkhiza. Kenaka anayang'ana bwana pamwamba pa magalasi, nafunsa m'Chingerezi kuti, "Ndani watsuka mbale iyi?"

Bwana anati palibe amene anaitsuka.

"Ikununkha sopo wa mandimu. Zinzake zonsezi zili ndi fumbi lakale kunsi kwake, iyi ilibe. Yakhala m'madzi, ndipo madziwo anali otentha."

Ndinasuntha kuchoka pa chitseko n'kunena kuti, "Ndine, madamu." Anandifunsa kuti inakhalamo nthawi yaitali bwanji, ndipo ndinayankha kuti nthawi yopukutira galimoto imodzi. Anapempha kuti atseke makatani. Anatenga katochi kowala mofiirira n'kuunika m'mphepete mwa malo oswekawo, ndipo tonse tinaona kamzere kakuwala mosiyana ndi mbale yonse. Anafotokoza kuti chimenecho chinali guluu wakale. Mbaleyo inasweka kale kwambiri, mwina bambo a bwana asanaigule n'komwe, ndipo mmisiri wina anaimata n'kupaka utoto pamwamba kuti pasaoneke. Utotowo ndi umene unasanduka wachikasu ndi zaka, ndipo madzi anga otentha anasungunula guluuyo. Anawonjeza kuti mbale ikasweka chatsopano, m'mphepete mwake mumakhala moyera ndi mwakuthwa, pamene apa panali pakuda ndi pofufuma.

Bwana anafunsa ngati munthu wopukuta ndi kaburashi kapena wolongedza m'bokosi akanatha kuchita zimenezi. Mayiyo anati ayi.

Pofuna kuti pasakhale wondiyamikira molakwa, ndilembe zimene anandiuza pomaliza. Anati ndisaganize kuti ndathandiza aliyense, pakuti katochi kake kakanaona guluuyo ngakhale ine ndikanapanda kuigwira. Anatinso chiwiya chozizira chikakumana ndi madzi a m'ketulo chikhoza kung'ambika pakati, ndipo ndinangochita mwayi. Ndipo anati pa malonda awo fumbi la zaka ndi umboni, salichotsa. Zimene bambo anga anandiphunzitsa pa fodya zinali zoona pa fodya. Ine ndinazitengera pamalo pamene sizinali zake, ndipo sindinadzichepetse kuti ndifunse.

Pobwerera kunyumba, titadutsa maraundabauti awiri, bwana anatulutsa foni yawo. Kenaka anaimbira ejenti foni n'kumuuza kuti aimitse tikiti ya Mayi Esnati. Atadula foni anandiyang'ana pa kagalasi nati, "Bambo anga akanakhala moyo, ukanawaviikanso m'beseni kuti makwinya achoke?" Ndinati, "Pepani, bwana." Anati za mbale akhoza kuziiwala, koma masiku asanu ndi limodzi amene ndinakhala chete sadzawaiwala msanga. Sanandichotse ntchito. Anandilanda makiyi a m'nyumba, ndipo kufikira lero ndimadikira panja. Chilango chimenechi ndachilandira, ndipo n'chochepa poyerekeza ndi chimene ndinayenera.

Tsiku la okushoni ndinaloledwa kuima kumbuyo kwa holo. Mbale ija inaikidwa pa tebulo, kachidutswa kake kali pambali m'kathumba koonekera, ndipo wogulitsa analengeza poyera kuti inasweka kale. Ndinkaganiza kuti anthu angoidutsa monga belo lokanidwa. Koma manja anakwera, ena akupikisana kudzera pa foni ali m'mayiko akutali, mpaka kanyundo kanagunda. Mtengo wake unali wotsika kuposa umene bwana ankayembekezera poyamba, koma inapeza mwini.

Ndikanakonda kulemba kuti Mayi Esnati anandikumbatira ndipo zonse zinatha, koma ndalonjeza kunena zoona. Anakhala masabata atatu osandiyankhula kupatula za ntchito. Tsiku lina ndikuwathandiza kutsitsa katundu wa ku sitolo, ndinawapemphanso chikhululukiro. Anaika thumba la mpunga pansi nati:

"Za mbale sindinakwiye nazo, munthu aliyense amalakwitsa. Za sutikesi ndayesetsa, ndazimeza. Koma pemphero lija, a Lufeyo. Ine ndinagwada, ndinanena ameni, ndinakuthokozani. Anthu onse aja mpaka lero akudziwa kuti pemphero lanu ndi limene linandipulumutsa."

Ndinafunsa chimene ndingachite.

"Si inu mlembi? Lembani. Amene anamva pemphero lija amvenso izi. Mukatero mudzabwere, tidzakambe za kukhululuka."

Chifukwa chake ndalemba kalata iyi. Si pemphero langa la Lachisanu limene linayankhidwa chifukwa cha ubwino wanga. Mulungu anamva kulira kwa mayi wosalakwa, anatuma a Gondwe kuti anditsegule pakamwa, ndipo pamene mawu anga analibenso mphamvu anatuma mlendo wa ku China amene sadziwa ngakhale dzina la dziko lathu. Ndikuthokoza Ambuye chifukwa ana awiri aja akadali pa sukulu, ndiponso chifukwa ine sindinasiyidwe kuti ndipambane m'bodza langa. Ndikuthokozanso a Gondwe chifukwa cha tiyi uja.

Kwa amene mukusenza mlandu umene simunapalamule, ndikuti musataye mtima, pakuti mboni yanu ikhoza kuchokera kumene simukuyang'ana. Kwa amene muli ngati ine, amene mukuona mnzanu akulangidwa m'malo mwanu, ndikuti yankhulani lero, mawu anu akadali okhulupirika. Ine ndinachedwa, ndipo anatsala masiku awiri okha.

Pomaliza, ndikudziwitsa gulu kuti buku la mlembi ndalipereka kwa a Gondwe kufikira mutakambirana ngati ndili woyenera kuligwiranso. Lachisanu likubwerali ndidzakhalapo, ndipo ndidzakhala pa benchi yakumbuyo. Ndikupempha kuti kalatayi iwerengedwe mokweza, Mayi Esnati alipo.

Ndine mbale wanu wochimwa amene wachitiridwa chifundo,

Lufeyo